Nkhope ya Dod Cargill

Elspeth anatseka kompyuta msangamsanga atamva nsapato za mkulu wake pakhomo. Rhona analowa akununkha utsi wa nsomba, navula epuloni, maso ali pa ketulo.

"Wabisa chiyani pamenepo? Chibwenzi?" anafunsa Rhona. "Pa msinkhu wakowu uzingotiuza, tikakuperekeze ndi ndodo zathu."

"Ndi za ntchito, achemwali."

"Ntchito. Kukhala pampando n'kumayang'anitsitsa khoma mpaka lichite manyazi." Rhona anathira madzi m'ketulo. "Anthu ako a ku London aja atumiza? Chithunzi cha ababa achiika pa chikuto cha buku lako?"

"Achiika."

"Tione."

"Sanamalize. Akukonzabe mitundu."

Linali bodza, ndipo Elspeth, amene moyo wake wonse anadya za kupeka nkhani, analinena moipa ngati mwana wogwidwa ndi shuga pakamwa. Mwayi wake Rhona anali wotopa. Anangomwetulira, kumwetulira kumene Elspeth sanakuonepo pa zaka ziwiri zonse chibwerereni kwawo ku Arbroath.

"A Dod Cargill pa windo la sitolo ya mabuku," anatero Rhona. "Munthu amene ankathawa kamera ngati ndi apolisi."

Chithunzicho chinali cha Rhona. Anajambula yekha ali mtsikana, pa khoma la doko, tsiku la mvula. Bambo awo anali atavala chijasi chawo chachikasu cha panyanja, chipewa cha jasicho atachikokera kumutu, m'manja atagwira ndodo ya ngowe yokokera maboti. Ndi chithunzi chokhacho chimene anayang'ana wojambula. Zaka zonsezi chinkakhala pamwamba pa malo osonkhapo moto, ndipo Rhona atachichotsa m'galasi kuti Elspeth akachitumize, pakhoma panatsala malo oyera, ngati chipsera.

Rhona atabwerera ku khumbi lowambira nsomba, Elspeth anatsegulanso kompyuta.

Chijasi chachikasu chija chinali chitasanduka mkanjo wakuda wofika kumapazi. Ndodo ya ngowe inkayaka moto wobiriwira kunsonga. Kumbuyo, pamene panali nyumba yosungira ayezi, anamangapo nsanja yosweka. M'mitambo munali chithunzithunzi cha phiko lalikulu. Buku limene Elspeth analitcha Boti la Ababa tsopano linali Mlonda wa Nyanja Yakuda, ndipo pamwamba pa zonse panali E. R. CARGILL m'zilembo zagolide, zonenepa kuposa mutu wa bukulo. Nkhope yokha ndiyo sanaikhudze. Ngakhale chipsera cha pamlomo, chimene waya wa ukonde anawasiyira, chinalipo.

Anaimba foni. Anayankha ndi Tamsin, mkonzi wake, mtsikana wanzeru amene anabadwa buku loyamba la Elspeth lili kale m'masitolo a zakale.

"Amayi Cargill, mwachiona? Kuno tonse tapenga nacho."

"Bambo anga mwawasandutsa mfiti."

"Sitinalembe paliponse kuti ndi mfiti."

"Ndodo yawo ikuyaka moto, Tamsin."

"Ndi kuwala chabe, kuti diso lipeze pogwera."

"M'bukumo mulibe nsanja. Mulibe chinjoka. Muli msodzi amene ankadzuka usiku kwa zaka makumi anayi, boma n'kumugula boti lake kuti alidule ndi macheka. Basi."

"Mulinso mutu uja amaona maboti a anthu omira akulowa padoko."

"Anali m'chipatala, chibayo chitawatentha thupi."

Tamsin anapuma motalika, ngati namwino amene wodwala wake akukana jakisoni. Kenako anafotokoza zimene Elspeth ankazidziwa kale kuyambira mtsikanayo asanamere mano. Munthu amene amagulira mabuku masitolo aakulu onse amaona zikuto makumi asanu ndi limodzi pa ola limodzi. Chikuto chilichonse amachipatsa nthawi yoyetsemulira kamodzi. Sawerenga. Akaona mkazi wa jasi lofiira atatembenuka nsana, amadziwa kuti wina aphedwa. Akaona mtundu wotuwa, tizilembo ting'onoting'ono ndi mpando wopanda munthu, amadziwa kuti ndi buku la anthu ofuna mphoto. Akaona golide, chipewa chophimba mutu ndi ndodo, amadziwa shelefu yake, ndipo owerenga nawonso amaidziwa. Amayenda chotseka maso mpaka kukafika.

"Dzina lanu lili kale ndi shelefu, amayi. Mabuku khumi ndi anayi. Tikaika chithunzi chopanda kanthu, anthu anu achidutsa poganiza kuti si chawo. Anthu enawo akaona dzina lanu, nawonso achidutsa. Buku likhala pakati ngati mwana wamasiye."

"Ndikakana?"

"Mukudziwa zimene mgwirizano ukunena. Za chikuto timakufunsani, koma omaliza ndife. Chimene sitingachite patokha ndi chimodzi: chithunzicho ndi cha achemwali anu. Ndakutumizirani pepala la chilolezo. Asaine, litipeze Lachisanu masana."

"Akapanda kusaina?"

"Tidetsa mkati mwa chipewamo, pasakhale nkhope, monga mabuku ena onse. Koma ndikuuzeni zoona. Wogula uja chimene chamugwira mtima ndi nkhopeyo. Wati zipewa zopanda munthu watopa nazo. Nkhope ikakhalapo, buku likhala patebulo la pakhomo m'masitolo awo onse. Ikapanda kukhalapo, makope awiri kumbuyo, ataimikidwa chammbali. Ili ndi buku labwino kuposa onse amene munalemba. Ndikufuna anthu aliwerenge. Inu simukufuna?"

Elspeth ankafuna ndithu. Anasindikiza pepala la chilolezo naliwerenga kawiri. Linkangonena kuti mwini chithunzi akulola kuti chigwiritsidwe ntchito pa chikuto ndipo chikhoza kukonzedwa. Za mkanjo ndi moto munalibe. Rhona akanasaina ataimirira, manja ali ndi mamba.

Lachitatu m'mawa Elspeth anatsikira kudoko, envulopu ili m'khwapa. Mphepo inali yomwe ija, yokhayo imene sanaigulitse. Pamene pankaima maboti makumi atatu a asodzi, tsopano panali timaboti toyera ta madokotala a mano a ku Edinburgh, tomangidwa chaka chonse ngati agalu a anthu olemera. Nyumba yosokeramo maukonde inkagulitsa khofi ndi makandulo onunkhira, ena olembedwa kuti fungo la nyanja, ngati kuti nyanja ili kutali. Katchalitchi ka malata kamene bambo awo ankayambitsako masalimo kanali sitolo ya makapeti. Zaka makumi awiri ndi zisanu ali ku Toronto, ku Canada, tawuni iyi anaisenza pachifuwa ngati khala la moto. M'buku lililonse ankaimanganso, n'kuipatsa dzina lina, mafumu ena ndi zinjoka, koma makwalala anali omwewa. Atabwerera anapeza kuti tawuni yeniyeniyo inatsala m'mabuku abodzawo basi. Ndipo anthu pamsewu ankamulankhula pang'onopang'ono, momveka bwino, monga amachitira ndi alendo.

Sitolo ya Fergus Swankie inalipobe, ngakhale theka lake linali makadi ndi tizidole. Fergus ankakhala kumbuyo kwake kusukulu, ndipo mpaka pano ankamuona ngati munthu woyenera kumukoka tsitsi.

"Mfumukazi ya zinjoka," anatero osadzuka pampando. "Ufumu uli bwanji? Akavalo adya?"

"Dazi lako likukula, Fergus. Posachedwa tiziona nkhope zathu pamenepo."

Anatulutsa mapepala awiri m'envulopu. Loyamba linali chikuto cha ku London. Lachiwiri anapanga yekha: chithunzi monga chinalili, chijasi chachikasu, mvula, ndi mutu wakale m'zilembo zazing'ono. Fergus anavala magalasi. Ataona loyamba anaseka mpaka kutsokomola, kenako anasiya mwadzidzidzi.

"A Dod. Ambuye atichitire chifundo. Rhona waona?"

"Ayi."

"Ndiye chifukwa chake ukadali moyo."

"Usandiseke. Ndiuze monga wogulitsa mabuku. Ili lachiwirili ungaliike pati?"

Fergus anatenga pepalalo nayenda nalo m'sitolo. Anaima pa shelefu ya zamatsenga, pamene misana ya mabuku inali yakuda ndi yagolide, naliyesa pakati pawo. Linkaoneka ngati munthu wovala ovololo paukwati. Anapita patebulo la mabuku otuwa, naliika, n'kuphimba dzina ndi chala chachikulu.

"Chonchi likukhala," anatero. Anachotsa chala. "Chonchi ayi. Mayi wa kalabu ya owerenga akaona Cargill, akumbukira mabuku a mdzukulu wake. Ndikanaliika uko." Analoza pakona, pafupi ndi mapu ndi mabuku a maphikidwe a nsomba. "Mbiri ya kwathu kuno. Ndikanagulitsa makumi awiri, khumi kwa abale ako."

"Ndisinthe dzina."

"Pa zaka zakozi? Mkazi wosadziwika wa imvi, buku loyamba, lonena za nsomba? Yesa, undiuze." Anabwerera pampando wake. "Mbuzi imadya pomwe aimangirira, Elspeth. Chingwe chako n'chagolide, koma n'chingwe. Ndipo unachipota wekha, buku ndi buku. Nthawi ija unkalandira mphoto utavala mkanjo sindinamve ukudandaula."

"Ndinali ndi lendi yolipira."

"Tonse tinali nayo." Anatenganso chikuto cha ku London nachiyang'anitsitsa. "Chikomekome cha mkuyu. Koma ichi ndikanagulitsa mazana, sindikunamiza. Ana a sukulu akanagula, n'kuwerenga masamba makumi atatu kudikira chinjoka, n'kukutukwana. Koma mmodzi mwa khumi akanamaliza, n'kudziwa kuti kunali munthu wotchedwa Dod Cargill." Anachigwira m'mphepete ndi zala ziwiri, ngati akufuna kuching'amba. "Ukukumbukira Lolemba lililonse ku Dundee? Manja anga sanaiwale."

Elspeth ankakumbukira. Atamaliza sukulu, awiriwa anagwira ntchito m'sitolo yaikulu ya mabuku ku Dundee. Lolemba m'mawa ankatsikira kuchipinda chapansi ndi mabuku amene alephera kugulidwa. Kubweza buku lathunthu kwa osindikiza kunali kodula, choncho ankangong'amba chikuto n'kutumiza chokhacho monga umboni, thupi la buku n'kuliponya m'mgolo wa zinyalala. Buku lopanda chikuto linali mtembo. Linkatanthauza kuti palibe analifuna.

Ndiye buku loyamba la Elspeth litatuluka, anabwera nalo kunyumba pa basi, atalikulunga bwino, napatsa bambo ake. Pa chikuto panali chinjoka cha nyanga ndi mkazi wa lupanga amene wojambula anamumana nsalu. Bambo ake analitembenuza, nati, "Ndiye zimenezi," n'kuliika m'thumba. Patapita masiku atatu Elspeth analowa m'kanyumba ka kuseri kukatenga chingwe. Buku lija linali pa benchi, pakati pa mbedza ndi zitini za penti, chikuto chitang'ambidwa bwinobwino kuchokera pamwamba mpaka pansi. Sanafunse kanthu. Sanalire. Mwezi womwewo anavomera ntchito ya ku Canada, ndipo kuyambira pamenepo iye ndi bambo ake ankangolankhulana pa Khirisimasi, za nyengo. Anabwerera kudzawaika m'manda. M'kanyumba kaja sanalowemonso, ndipo m'buku latsopanoli, masamba mazana atatu onena za bambo ake, tsiku limenelo lokha ndilo sanalilembe.

"Upanga bwanji?" anafunsa Fergus.

"Pepala loti Rhona asaine silikunena za mkanjo."

Fergus anavula magalasi. "Pamenepo ine sindinamve," anatero. "Ndine wogontha khutu ili."

Lachinayi masana Rhona anabwera kudzadya, napeza pepala patebulo la kukhitchini, cholembera chili pambali. Elspeth anali ataliika ndi kulichotsa katatu.

"Ndi limeneli? Bweretsa." Rhona anapukuta manja pa siketi, nakhala pansi. Magalasi ake anawaiwala ku khumbi, choncho analitalikitsa pepalalo mpaka mkono unatha. "Tizilembo ta nyerere. Akuti chiyani?"

"Akuti mukulola kuti chithunzi chikhale pa chikuto."

"Ndi zomwezo? Anthu ophunzira inu, chinthu cha mawu atatu mpaka tsamba lonse." Anatsegula cholembera. "Ndauza kale Netta ndi anzake kuntchito. Ati aliyense agula. Netta sanawerengepo buku chichokereni kusukulu, koma wati la a Dod aliika pawindo. Ndisaine pati?"

Elspeth analoza mzere. Anaona dzanja la mkulu wake, zala zotupa ndi mchere ndi kuzizira, dzanja limene linasambitsa bambo awo zaka zinayi zomaliza pamene iye ankatumiza maluwa. Cholembera chinakhudza pepala.

"Dikirani, achemwali."

"Chavuta n'chiyani?"

Elspeth anatulutsa chikuto cha ku London m'envulopu nachiika pamwamba pa pepala lija. Rhona anachiyang'ana nthawi yaitali. Anachitalikitsa, n'kuchiyandikitsa. Ketulo inawira n'kuzima yokha.

"Chijasi chawo chili kuti?"

"Achidetsa."

"Nanga moto uwu?"

"Akuti diso lipeze pogwera."

"Ndipo iwe umafuna ndisaine ndisanaone."

"Ndakuonetsani."

"Cholembera chitafika kale papepala." Rhona sanakweze mawu. Ankalankhula ngati akuwerenga kulemera kwa nsomba. "Unapita uli ndi nkhope yako, wabwera kudzatenga ya ababa. Zinjoka zatha kumeneko?"

"Sindinapange ndine. Ndilibe mphamvu pa chikuto. Mukakana, aika chipewa chopanda nkhope, buku likabisidwa kumbuyo, palibe aliwerenge. Mukalola, aliona anthu dziko lonse. Njira yachitatu palibe, ndafufuza." Mawu ake anayamba kuuma. "Ndipo musandiuze za ulemu wawo. Iwo mabuku anga anawapatsa ulemu wotani? Loyamba lenilenilo analing'amba ngati chinyalala. Ndinaliona ndi maso anga pa benchi."

Rhona anamuyang'ana. Kenako anadzuka, natenga kiyi pa msomali wa kuseri kwa chitseko.

"Tiye."

"Sindilowa mmenemo."

"Zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, ukuopa shedi. Tiye, iwe."

M'kanyumbamo munkanunkha phula ndi chingwe chonyowa, monga kale. Rhona anasuntha zitini za penti, nakoka bokosi la nsomba lamatabwa pansi pa benchi, n'kuchotsa chiguduli chimene chinali pamwamba. Munali mabuku, oimikidwa bwino, otupa ndi chinyezi, masamba achikasu ndi utsi. Onse analibe zikuto. Elspeth anawawerenga ndi maso. Khumi ndi anayi.

Anatola limodzi. M'mphepete mwa masamba munali zidindo za chala chachikulu, zakuda ndi mafuta a injini, tsamba ndi tsamba mpaka kumapeto. Pa tsamba lina panali mawu a pensulo, zilembo zikuluzikulu za munthu amene anasiya sukulu ali ndi zaka khumi ndi zinayi: Boti silingatembenuke chonchi mphepo ili kumpoto. Pa lina: Uyu ndi Swankie wamkulu, wamutha. Pa lina panangolembedwa kuti: Eya.

"Ukudziwa akulu a mpingo ankalowa m'nyumba muno osagogoda," anatero Rhona. "Munthu woyambitsa masalimo apezeke ndi chinjoka cha nyanga ndi mkazi wosavala? Akanawachotsa pa mpando Lamulungu lomwelo. Ndiye ankang'amba chikuto, n'kuchiponya m'mgolo wowambira nsomba, buku n'kulilowetsa m'thumba la chijasi. Ankawerengera panyanja podikira ukonde. Lililonse likatuluka ankandituma ku Dundee, kuti Fergus asadziwe. Ankati, 'Chithunzi n'cha ogulitsa, zamkati n'za mwana wanga.'"

Elspeth anakhala pa chitini cha penti.

"Ku ntchito kwathu," anatero pang'onopang'ono, "buku akaling'amba chikuto ndiye kuti lafa."

"Iwo akanadziwira kuti za kuntchito kwanu? Anali msodzi."

"Bwanji simunandiuze?"

"Unafunsa? Safunsa anadya phula. Iwo ankaganiza kuti unapita chifukwa tawuni inakuchepera, ndipo anandiletsa kukuvutitsa. Ine ndinkaganiza chimodzimodzi, ndipo kunena zoona sindinkafuna kukupatsa kanthu kaulere. Iwe unali ndi golide pa dzina, ine ndinali ndi beseni ndi thaulo. Ndinati bokosi ili likhale langa." Rhona anabweza chiguduli pa theka la bokosi, kenako anachisiya. "Kuti unathawa chifukwa cha chikuto, ndamva lero. Zaka makumi awiri ndi zisanu. Anthu owerenga kwambiri inu, uchitsiru wanu umakhalanso wapamwamba."

Panja mbalame za panyanja zinkakanganirana mitu ya nsomba. Elspeth anapitiriza kutembenuza masamba, kufunafuna pensulo. Sizinali zambiri. Bambo ake sanali munthu wa mawu ngakhale papepala.

"Ndiye taganiza," anatero Rhona. "Buku ili akanalifuna kuposa onsewa. Akanandituma ku Dundee m'mawa wa tsiku loyamba. Ndikanabwera nalo, iwo n'kukhala pa benchi apa, n'kung'amba nkhope yawo yomwe, n'kukaiponya pamoto kuti awerenge mwana wawo."

Anatuluka. Elspeth anamva chitseko cha kukhitchini, kenako mapazi akubwerera. Rhona anamupatsa pepala la chilolezo. Pa mzere paja panali dzina lake lonse, Rhona Margaret Cargill, lolembedwa mosamala ngati pa kaundula wa ukwati.

"Ndasaina. Sindikufuna udzanene kuti mkulu wako anakuphera buku, monga wakhala ukunenera kuti ababa anakuphera loyamba. Bambo ndi ako, buku ndi lako. Ine nsomba zikundidikira."

Elspeth anatsala yekha ndi bokosi ndi pepala. Anaganiza za tebulo la pakhomo m'masitolo mazana awiri, za mmodzi mwa khumi wa Fergus amene akanamaliza bukulo. Sizinali zabodza. Mwayi wotere sukanabweranso; ankadziwa bwino msika umene unamulera. Anakhala mpaka kuzizira kwa chitini kunamulowa m'mafupa.

Kenako anawoloka bwalo kupita ku khumbi. Rhona ndi Netta anali atapachika nsomba ziwiriziwiri pa timitengo pamwamba pa mgolo, akukonzeka kuvundikira ndi chiguduli chonyowa. Elspeth anapinda pepala lija pawiri, nalilowetsa pakati pa nsomba, n'kulisiya ligwere pa makala. Linayaka kamodzi n'kutha.

"Ukutiwonongera fungo la nsomba," anatero Rhona, osamuyang'ana. "Gwira uko, tivundikire."

Lachisanu m'mawa Elspeth anaimba foni, ndipo Tamsin anamvetsera mpaka kumapeto. Sanakalipe. Anati akumvetsa, ndipo mwina ankamvetsadi. Anati apempha wojambula adetse mkati mwa chipewa, ndipo mawu ake anali kale a munthu amene maso ake ali pa buku lina.

Phukusi linafika mwezi wa Okutobala. Chithunzi chinali chitabwerera kale m'galasi lake pakhoma, chijasi chili chachikasu. Elspeth anadula tepi ndi mpeni wa buledi. Munali makope khumi. Golide analipo, nsanja inalipo, ndodo inkayakabe. M'chipewa munali mdima wokhawokha, ngati mabuku ena chikwi. Fergus anali atanena kale kuti ku Dundee anaona makope awiri, kumbuyo, pafupi ndi chitseko cha kuchimbudzi.

Rhona anatola limodzi ndi nsonga za zala. "Ndiye ameneyu ndani tsopano?"

"Palibe."

Elspeth analilanda, naligoneka patebulo. Anakanikiza dzanja lamanzere pa tsamba loyamba, lamanja n'kugwira chikuto pakona ya pamwamba, monga ankachitira Lolemba lililonse ku Dundee. Manja ake nawonso anali asanaiwale. Chinachoka bwinobwino kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Anapereka bukulo kwa mkulu wake. Rhona analiyesa kulemera m'dzanja, nalilowetsa m'thumba la epuloni, n'kuyamba kufunafuna magalasi ake.